Misozi ya pamaliro a mlongo wanga inali ya ku Rasha

Aphungu,

Ine sukulu ndinalekera giredi folo, ndiye kalatayi akundilembera anzanga ba Ketrina, ine ndikungolankhula. Ndikasokoneza mundikhululukire.

Amuna anga ba Reuben maso anawonongeka ndi shuga. Kale anali munthu wa mabuku, manje ngakhale Baibulo saona. Chaka chatha ba Lubasi, a zaulimi amene anabwera kuno kuchokera ku Lusaka, anawaikira buku m'kakadi ka foni. Buku lake ndi lomvera chabe, mzungu amawerenga m'Chingerezi iwe n'kumangomva. Ndi nkhani ya ku Rasha, ya nkhondo yakalekale, akuti yotalika maola opitirira makumi asanu.

Poyamba zinali bwino, ndisaname. Tikamatongola chimanga pakhonde ankaimitsa foni n'kundimasulira. Ndinkamudziwa mtsikana wina amene anakana mwamuna wolemera, ndi asilikali amene ankadya akavalo awo chifukwa cha njala. Tsiku lina anati, "Umafunsa kwambiri, ukundichedwetsa." Anagula timawaya ta m'makutu. Kuchokera pamenepo ndimakhala ndi chitsa m'nyumba.

Koma si zimenezi ndikufuna kunena. Dikirani. Mu Juni mlongo wanga Festus anamwalira ku Shikabeta. Tinapita. Ife azimayi tili m'nyumba ya maliro, amuna ali panja pansi pa mtengo. Kunkazizira, ba Reuben atavala chisoti chaubweya chofika m'makutu. Potulutsa bokosi anthu anaona misozi ikutsika m'masaya mwawo. Azakhali anga anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, unakwatiwa bwino. Mlamu wolira chonchi sitinamuonepo." Ndinanyada, Aphungu. Pamaliro a mlongo wanga ine ndinanyada.

Pobwerera m'minibasi ba Reuben anavula chisoti, kawaya kali m'khutu. Ndinawafunsa. Manyazi omwe analibe, anangoti, "Amake Jessy, msilikali wovulala wa m'buku uja wamwalira." Festus amene anawaperekeza katatu konse kuchipatala ku Mpanshya sanamulire.

Ndiye ndinatenga kakadi kaja, ulendo kwa bambo woika nyimbo m'mafoni pamsika. Anandifunsa, "Zilimozi nanga?" Ndinati fafanizani zonse. Anaikamo makwaya. Ba Ketrina akuti izi tisalembe, koma lembani. Kunyumba ndinati wolakwitsa ndi wa nyimboyo.

Kumeneko bukulo linatsala maola atatu kuti lithe. Ba Reuben sanakalipe. Amangokhala pakhonde foni ili m'manja, masabata awiri tsopano. Dzulo anati, "Ndidzafa osadziwa ngati anthu aja anabwerera kwawo." Ndipo akuti Loweruka akadandaula kwa akomiti kuti wa nyimboyo achotsedwe pamsika.

Ndiulule? Chisoni ndilibe. Kapena ndili nacho, kaya. Chakudya chokha ndiye sichikutsika.

C. M., Chinyunyu

Mayi C. M.,

Mkwiyo wanu ndi womveka. Kumvera buku pamaliro a mlamu ndi chipongwe, ndipo amuna anuwo ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa panu, osati kudzera m'makwaya. Koma nanunso mwalanda munthu wosaona chinthu chimodzi chimene chinamutsalira, mlandu n'kuuponyera bambo wosalakwa amene ana ake amadyera pamsika pomwepo.

Ululani Loweruka lisanafike. Yambani ndi za Festus, kenako za kakadi, ndipo musachepetse chilichonse. Mukatero pitani nokha kwa ba Lubasi akakuikireninso bukulo. Pobwera muwauze amuna anu kuti maola atatu otsalawo mumvera awiri pakhonde, timawaya tili m'thumba lanu, ndipo mufunsa mafunso onse amene mukufuna. Ndaona kuti mtsikana wokana wolemera uja mukumukumbukirabe. Chinayamba kukuwawani si maliro, ndi tsiku limene anasiya kukumasulirani.

Chenjezo langa ndi ili: azakhali anu musawauze. Misozi ija ikuwatonthoza, alekeni nayo. Komanso musayembekezere kuti ba Reuben alira Festus chifukwa mwawakalipira. Mwina sadzamulira n'komwe, ndipo zimenezo zidzakuwawani nthawi yaitali. Chimene mungawapemphe n'chakuti mwezi uno apite nanu ku Shikabeta akaime pamanda a mlamu wawo, foni atasiya kunyumba, kumutu kulibe chisoti.

Aphungu