Msampha wa pa Thanki ya Mkaka

Lolemba, 6 Okutobala

Ndafika. Minibasi yanditsitsa pa Malomo, kotsalako ndakwera kabaza, laputopu ili kumsana ngati mwana. Amayi andilonjera ndi nkhani ya mkaka ndisanavule n'komwe nsapato. Mwezi watha lole ya kampani inakana mkaka wa gulu lonse kawiri, ati wasasa. Ikakana kachitatu, isiya kukwera phiri lino. Alimi makumi anayi, amayi ndi ng'ombe yawo imodzi ali momwemo.

A Alexio, apampando a gulu, andipatsa kiyi wa nyumba ya mkaka, ati poti ndinaphunzira zamagetsi ndiwapezere chavuta. Thanki yoziziritsa inabwera ndi kabokosi kolemba kutentha kwa mkaka ndi mphamvu ya magetsi, koma chikaikireni palibe anakakhudza. Ndalumikiza laputopu. Kamalemba kawiri patsiku basi, sikisi m'mawa ndi sikisi madzulo. Mlonda wanji wodzuka kawiri patsiku?

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndatchera koyamba. Pulogalamu yake imati tiriga, ine ndikuti msampha. Umauza kabokosi kuti chakuti chikachitika, kayambe kulemba sekondi iliyonse n'kutumiza uthenga pafoni. Ndaika kuti mkaka ukapitirira madigiri 6, kalire.

A Felton, oyang'anira thanki, amangondiyang'ana cham'mbali. Zaka khumi pantchito, lero ine, kamtsikana ka a Rakele, ndidzawaphunzitse. Ati, "Mayi, thankiyi ndimaimva ndi khutu, ikadwala ndimadziwa." Ndimawakonda bambowa, koma khutu silitumiza meseji.

Lachitatu, 8 Okutobala

Manyazi. Mauthenga 63 isanakwane eyiti koloko. Mlimi aliyense akathira mkaka wofunda wochokera kukhola, kutentha kumakwera, msampha n'kufwamphuka. Tsoka lake ndinaikanso nambala ya a Alexio, ndiye foni yawo yalira misa yonse ya m'mawa. Abwera nkhope ili gwaa. "Ndi zimenezi munkaphunzira ku Lilongwe?" Ndapsa mtima, koma wolakwa ndine.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndatcheranso, mofatsa tsopano. Ufwamphuke pokhapokha zinthu zitatu zikakumana: magetsi alipo, mkaka sunazizire, koma kompuresa, makina oziziritsa aja, ili zii. Zikhalenso choncho kwa mphindi khumi. Kabokosi kazisunganso theka la ola la m'mbuyo, ndione chinayamba n'chiyani.

Foni yagona tsiku lonse. Mtima wayamba kukhala m'malo.

Loweruka, 11 Okutobala

Wagwira.

Uthenga walowa 12:50, tili pamzere kuperekeza malemu a Susana a kutsidya. Ndapatuka mwakachetechete n'kuthamangira kunyumba ya mkaka. Chitseko chokiya, m'kati zii, swichi ya kompuresa ili pansi. Ndayatsa. Palaputopu zikuoneka poyera: 12:40 mphamvu ya kompuresa inagwa kamodzin'kamodzi, magetsi ali bwinobwino. Munthu anazimitsa ndi dzanja. Nthawi yomweyo ndi imene bokosi limadutsa kuseri kwa nyumbayi, panjira ya kumanda.

A Felton afika folo koloko, fumbi la kumanda lili m'miyendo. Ndawafunsa. Sanabise, anangodabwa kuti ndikufunsiranji. "Mayi, maliro akudutsa pakhomo, makina n'kumaduma? Chigayo chomwe chimazima." Amazimitsa, kukiya, n'kulowa pamzere mpaka mwambo wonse utatha. Maola oposa atatu, dzuwa ngati ili. Ndawafunsa kuti mwezi watha maliro anadutsa kangati. Awerenga okha pazala, chala chachiwiri chaima m'mwamba. Kawiri, monga momwe lole inakanira mkaka. Akhala pachigubu.

Chisoni chandigwira. Nanenso ndikanazimitsa.

Lamulungu, 12 Okutobala

Komiti yakumana titaweruka kutchalitchi. Ena amati a Felton achoke. Ine ndinali nditakonzeka kale kukangana. A Alexio andidula, afunsa, "Ndani pano akanasiya makina akulira, bokosi likudutsa?" Palibe wakweza dzanja.

Tagwirizana kuti azizimitsabe, koma msampha ukalira azibwerera. Ndaika nambala yawo pamwamba. Andipempha ndichotse Chingerezi cha mu uthenga, sachimva. Ndalemba: "A Felton, adutsa. Kayatseni." Awerenga kawiri, aseka pang'ono, koyamba chiyambire dzulo.

Lachitatu, 15 Okutobala

Zii. Ndayesa msampha katatu, katatu konse walira.

Lachisanu, 17 Okutobala

Maliro ena, a bambo wina wa kumtunda. Tikuyandikira nyumba ya mkaka, kompuresa yazima. Ndaona a Felton akukiya n'kulowa pakati pa azibambo. Ine kumbuyo ndi azimayi, pakamwa pakuimba, maso ali pawotchi. Mphindi khumi sizinatalikepo chonchi.

Tili pamtsetse, a Felton agwira thumba la malaya momwe muli foni. Aima pambali pa njira, chipewa m'manja, mpaka azibambo onse adutsa. Kenako atembenuka, akukwera chitunda mwandawala. Palibe wawayang'ana moipa. Nyimbo yachiwiri isanathe, kumbuyo patali, kuduma kuja kwayambiranso. Amayi sanasiye kuimba, angondifinya dzanja.

Pobwerera ndasuzumira: madigiri 4. A Felton amatsuka zigubu. Lole ikubwera mawa sikisi.