Mafuwa akufuna ulendo wautali

Lolemba, 6 Meyi

Mafuwa andichititsa manyazi lero. Pobwera kugolosale, pamphambano penipeni, ndadina batani loti giya itsike, zii. Ndadinanso, zii. Pakagalasi koonetsa magiya nambala 3 imangophethira, kenako injini inathima. Kumbuyo mahutala okhaokha. Dalaivala wa lole anasuzumira pazenera: "Madala, kankhani chinthu chanucho!" Ndinangomukwezera ndodo zanga. Anatsika mwamanyazi, nakankha pang'ono, giya n'kumveka kho, yalowa nyutulo. Ndinaliza n'kuthawa osathokoza bwino.

Dzina la Mafuwa anapereka ndi akazi anga tsiku lomwe tinagula njinga yamotoyi, ati matayala atatu, singagwe. Tinaisankha chifukwa magiya ake ndi a batani, apachala chachikulu, popeza mwendo wopondera giya unatsala kufakitale. Zaka zisanu ndi chimodzi sinandikanepo.

Abwana asamve. Mwana wamkaziyu ndinabereka ndekha koma amalamula ngati ndiye anandibereka. Ananena kale: "Ababa, njingayo ikadzakusiyani panjira kamodzi kokha, tikugulitsa, mudzakhala kwathu." Kwawoko ndi nyumba yosanja, masitepe 42, ndinawerenga. Ndikadzakwera kumeneko ndiye kuti pansi ndatsanzika.

Lachiwiri, 7 Meyi

Akananso, m'shedi momwe. Ndimati ndibwerere m'mbuyo, rivesi osalowa, giya yakakamira pa 1. Ndinatsika kuti ndiwagwedeze monga anachitira wa lole uja. Dzanja lina pabatani, lina pachiwongolero, ndodo m'khwapa, mwendo umodzi. Ndodo inaterera pa oyilo, ine khu pansi. Ndinakhala pamenepo kanthawi ndithu ndikuyang'ana malata. Anthu onse a mumzere uno anali kuntchito.

Chigongono chatupa. Lero sindinayankhule ndi munthu, kupatula wa pawailesi amene ndinamutsutsa za mpira.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndinadikirira pachipata kuyambira 6 koloko kuti anesi oyandikana nawo adutse. Kupempha kumandilemera pakamwa, koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Anakankha atavala yunifolomu yoyera, giya kho. Anayang'anitsitsa chigongono changa. Ine ulendo wa kugalaja osaima pena paliponse.

Amakaniko analumikiza kompyuta yawo, magalasi ali pamphuno. Ndimayembekezera kumva kuti bokosi la magiya latha. Iwo anayeza batire, napukusa mutu.

"Achikulire, magiya alibe mlandu. Kamota kosintha magiya kamadya moto wambiri, ndiye batire ikakhala ndi njala kamalekera panjira. Batire yanuyi sinafe, koma siikhuta. Mumapita kuti masiku ano?"

Ndinati kugolosale.

"Kwina?"

Kukatenga mankhwala, kamodzi pamwezi.

"Basi?"

Basi.

Ati poliza injini ndimatapa moto wambiri, ndiye mphindi zisanu za kugolosale sizibweza ngakhale theka. Tsiku ndi tsiku ndakhala ndikutapa osathiramo. Ndinafunsa za tchaja cha pakhoma, koma m'shedi mwanga mulibe magetsi, ndipo batire ili pansi pa mapulasitiki oti ine sindingamasule. Anaitchaja maola awiri, nati: "Ngakhale mugule yatsopano, miyezi itatu mubweranso. Njingayi imafuna ulendo. Ola lathunthu osazimitsa, kawiri pamlungu. Kale mumabwera kuno matayala atadyeka, mayi ali kumbuyo ndi chipewa chofiira. Chinachitika n'chiyani?"

Sanamve, kani. Ndinawauza kuti mayiwo anatisiya Sepitembala. Anavula magalasi, napepesa, napepesanso. Kenako tonse tinayang'ana batire ngati ili ndi zonena.

Madzulo Abwana anaimba. Ndinati zonse zili bwino, njinga ikuuluka.

Lachinayi, 9 Meyi

Ola lathunthu. Kunena n'kosavuta, koma munthu upite kuti?

Ndinayesa kuzungulira bwalo la mpira. Kachitatu, kachinayi, amayi ogulitsa nthochi anayamba kundiwerengera mokweza. Kachisanu ndi chiwiri wina anakuwa: "Agogo, mwataya chiyani, tikuthandizeni kufuna?" Ndinabwerera kunyumba. Mphindi 20 zokha.

Ulendo wa ola ndikuudziwa, sindingadzinamize. Kwa alamu, achimwene awo a akazi anga, ndi ola ndi mphindi khumi. Tinkapita Loweruka lililonse, iwo kumbuyo akundiuza mokhotera ngati njira sindiidziwa. Chiikireni maliro sindinapondeko. Sitinayambane ayi. Kungoti alamu amaseka chimodzimodzi mlongo wawo, mutu kumbuyo, dzanja pachifuwa, ndipo ine sindikanatha kumva kuseka kumeneko. Anaimba foni kambirimbiri, ine kumangoiyang'ana mpaka isiye. Mwezi woyamba chinali chisoni. Tsopano ndi manyazi, ndipo akukula mwezi ndi mwezi. Anasiya kuimba Janyuwale.

Ndasungulumwa, ndilembe poyera. Ndimaganiza kuti ndikubisa bwino, koma mpaka batire yadziwa.

Lachisanu, 10 Meyi

Anesi aulula. Kani Abwana anawasiyira nambala kalekale kuti azindiyang'anira. Foni ya lero inalibe moni: "Ababa, munagwa m'shedi, ine n'kumandiuza kuti njinga ikuuluka? Ndikubwera Lamulungu, ndipo pali munthu akufuna kuiona." Ndinati vuto ndi batire chabe. Ati vuto si batire, vuto ndi loti ndikadzagwa kachiwiri adzandipeza ndi fungo. Sindinamukalipire, akunena zoona.

Ndapukuta Mafuwa, ndapopa matayala onse atatu. Chipewa chofiira ndachichotsa pamsomali, ndachibwezeranso.

Loweruka, 11 Meyi

Ndikulemba pakhonde la eni ake.

Ndinanyamuka 8 koloko ndisanadzipatse mpata woganiza. Ndinadziuza kuti ndikungokatchaja batire, ndikafika pachipata nditembenuka. Kutuluka m'tauni 1, 2, 3. 4 inalowa bwinobwino. Nditadutsa fakitale ya matumba ndinadina 5, imene chala changa chinali chitaiwala. Mafuwa anasintha mawu, kulira kosalala kuja. Kumbuyo kumapepuka kwambiri pamakona. Pabampu ya pamlatho ndinapezeka ndanena kuti "gwiritsa", mokweza, kwa mpando.

Pachipata cha alamu ndinaima injini ikulira, chala chili pa rivesi. Ndinachedwa. Anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula kheni yothirira maluwa, aonda, tsitsi lonse mbuu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Akuluakulu amati ukayenda siya phazi. Inu alamu munasiya mwendo wonse, koma kuno osaoneka miyezi isanu ndi itatu?"

Ndinati ndikungodutsa, amakaniko andilembera ulendo wautali ngati mankhwala.

"Zimitsani."

Ndinati ndikazimitsa mwina magiya akakamira, ndiye ndivutika pobwerera.

"Akakakamira ndikankha ine. Miyendo ndili nayo iwiri, yonse ya ulova. Zimitsani, alamu."

Ndinazimitsa. Kunangoti zii, nkhuku zokha. Ndiye anaseka, mutu kumbuyo, dzanja pachifuwa. Ndinalira m'chipewa cha panjinga momwemo, galasi lili chotseka, iwo ataima pambali akugwira chiwongolero. Atatha anati nawonso nyumba yawakulira, amayankhula ndi maluwa. Ati ankaganiza kuti ndinawakwiyira. Ndinati ayi, ndimaopa kuseka kwawo. Anati pepani, alibe kwina.

Titamwa tiyi ndinawafotokozera za Lamulungu ndi masitepe 42. Anatenga foni yanga osapempha, naimbira Abwana, naika pokweza.

"Iwe, ndine malume ako. Bambo ako ali kuno, abwera okha pa Mafuwa. Adokotala a njinga alamula kuti azibwera Lachitatu ndi Loweruka. Akapanda kufika pofika 10 koloko ndizikuimbira, uzibwera ndi wogula wakoyo."

Kenako Abwana: "Ababa, mwafika mpaka kwa amalume? Njira ija?" Ndinati eya, mayi, ndipo 5 inalowa. Anafwenthera. Ati mawa abwerabe, koma yekha, wogulayo amuuza adikire kaye.

Adikire kaye. Sanati asabwere. Chabwino.

Dzuwa lapendeka ndipo sindinayesebe kuliza. Sindikudziwa ngati giya ilowe. Kiyi ali m'thumba la alamu, ati andipatsa ndikanena nthawi yomwe ndifike Lachitatu.