Madala Amâncio Afanso

Lolemba, 4 Malichi

Chapa, kaminibasi kathu kaja, inafera pa Benfica, ndafika mochedwa. Bwana Macuácua andiika kukhala woyang'anira kuyesa pulogalamu yathu yatsopano ya inshuwalansi ya maliro. Ndandanda yonse ndizilemba ine: tiyesa chiyani, ayesa ndani, zatuluka bwanji. Andipatsa anthu awiri, Hermínio ndi madala Amâncio. Madalawo ndi achibwibwi, ndipo pakompyuta amajompha ndi zala ziwiri ngati nkhuku. Bola akanandipatsa wina.

Lachiwiri, 5 Malichi

Pamafunika kasitomala wabodza woti tizimupha poyesa, tione ngati pulogalamu ikulemba uthenga wa chipepeso. Hermínio wamupatsa dzina la madala. Wakopera zonse m'faelo yawo, tsiku lobadwa, kwawo ku Chókwè, mpaka nambala ya foni ya amayi awo. Akadina batani amatembenuka mwaulemu n'kunena, "Pepani madala, mwafanso. Ulendo uno ndi ng'ona." Ofesi yonse kuseka. Ine tiyi mpaka kutulukira m'mphuno.

Masana madala anabwera padesiki panga, akundiitana kuti mana, kutanthauza achemwali. "Ma-mana Cremilda, dzina lija mu-mungalisinthe?" Ndinawauza kuti iyi ndi seva yoyesera chabe, situmiza kanthu kunja, asakhale ngati mwana. Anaima pang'ono, kenako anabwerera pampando wawo.

Lachinayi, 7 Malichi

Pamzere wa chifukwa cha imfa H. walemba kuti "anatsamwa ndi dzina lake lomwe". Bwana awerenga, aseka mpaka kugwira m'mimba, akuti zisafufutidwe. Tsopano ngakhale atsikana a kumaakaunti akakumana nawo pamasitepe akumati, "Ii madala, mwauka liti?"

Madala asiya kudya nafe. Buledi wawo akudyera pakhonde.

Lachisanu, 8 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Lolemba eni kampani akubwera kudzaona pulogalamu, ndiye bwana anauza anyamata a maseva kuti alumikize seva yoyesera ku kampani ya mafoni, mauthenga azipitadi. Imelo yake ndinaiona m'mawa ndikudya badjia, timandasi ta nyemba tija. Ndinati ndiwauza anzanga ndikasamba m'manja.

Titangobwera kokadya, H. anawaphanso. Tisanamalize n'kuseka komwe, foni ya madala inalira. Mlongo wawo Felismina. Kulira kwake timakumva tonse. Madala anaimirira n'kunena, "Ndi ine, Felismina. Ndili moyo. Ndi ine ndikulankhula." Osakakamira pa liwu n'limodzi lomwe.

Uthenga unapita kwa amayi awo: tikupepesa pa imfa ya mwana wanu Amâncio. Sadziwa kuwerenga, anawawerengera mnzawo ali kumunda. Anagwa pomwepo.

Madala anatuluka akuthamanga, jekete asiya pampando. H. anati, "Nanga ine ndinadziwa bwanji?"

Loweruka, 9 Malichi

Kuchapa tsiku lonse. Foni ndazimitsa.

Lolemba, 11 Malichi

Bwana anandiitana eni kampani asanafike, natseka chitseko.

"Anadina ndani?"

"Hermínio."

"Imelo yanga unaiona?"

Bwana anapitiriza.

"Hermínio ndikumufuna mpaka pulogalamu ituluke. Iwenso ndikukufuna. Nambala ya mayi wa munthu angakhale nayo ndani, ngati si mwini wake? Lemba kuti anailowetsa yekha."

Ndinalemba. Kamzere kamodzi basi, ndi dzina langa pansi. Chionetsero chayenda bwino, eni kampani anaomba m'manja. Kunali makeke.

Lachinayi, 14 Malichi

Madala abwera lero, ndevu zosameta, malaya omwe aja a Lachisanu. Pakhomo anawapatsa kalata yowachotsa ntchito, mlandu wake kulowetsa za anthu enieni m'seva yoyesera. Anaiwerenga ataima. Dzina langa analiona, ndikudziwa, chifukwa anakweza maso. Koma sananene za izo.

Anabwera padesiki panga mlonda ali pambuyo pawo. Akuti amayi atsitsimuka, koma dzanja lamanja lafa ndipo pakamwa papotoka. Felismina akumuzindikira. Koma madalawo sakuwazindikira. Akawapatsa madzi amatembenukira kukhoma. Akuti Amâncio wanga anamwalira, bambo uyu ndi wa kuti, mutulutseni. M'mawa uliwonse akumafunsa ngati thupi lafika kuchokera ku Maputo.

"Ma-mana, inu mumadziwa kulemba zinthu bwino," anatero. "Ndi-ndiwayankhe kuti chiyani?"

H. anali atavala za m'makutu, maso pakompyuta. Ndinati pepani madala, lero ndili ndi zoyesa zambiri. Anagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru. Anatenga jekete ndi kapu yawo, mlonda n'kuwaperekeza.

Bwana akuti desiki ya madala ya pawindo ndi yanga tsopano. Ndasamutsa kale kompyuta. Mpando ndatenga wanga womwe.