Mmero wanga, pakamwa pa Mayi Amparo

Lolemba, 3 Ogasiti

Ndamaliza kupeka nyimbo ya Roke Woyera. Gawo la woimba payekha ndalisoka molingana ndi mmero wangawu. A Teo, amene amasankha oimba pa chikondwerero cha makwaya ku Singapore, ayankha kuti pa 16, tsiku la Roke Woyera, adzakhala m'tchalitchi mwathu. Ndaimba pa maukwati a eni, pa maliro a eni, ngakhale potsegulira sitolo ya matayala. Ulendo uno andimveko munthu wa makutu.

Lachinayi, 6 Ogasiti

Bambo Crispin andiitana. Maso ali pansi, akupukuta magalasi oyera kale.

"Ning, mwana wanga, ukudziwa kuti hermana, wolipirira chikondwerero chathu chaka chino, ndi Mayi Amparo."

Ndani sakudziwa? Makandulo, maluwa, nkhumba za paphwando, zonse agula ndi iwo, ndipo tauni yonse yauzidwa. Ndiye akuti gawo langa lija aimbe iwowo, kutsogolo, pafupi ndi guwa.

Ndati, "Bambo, munawamvapo akuimba?"

Ati, "Denga la sakristiya likudontha."

Wansembe wamantha chonchi sindinamuonepo.

Loweruka, 8 Ogasiti

Mayi Amparo afika pokonzekera nyimbo mochedwa, chokupizira mphepo m'manja, mafuta onunkhira akuwatsogolera. Atsegula pakamwa. Mayo! Galu wa pa chifanizo cha Roke Woyera ndinaona ngati alavula buledi wake n'kuthawa. A kwaya yanga onse anabisa nkhope m'mapepala, mapewa akugwedera.

Atatha akuti, "Ning, kanyimbo kakoka kakwera kwambiri. Kusukulu kwanu kuja sanakuphunzitseni kulembera anthu?"

Ine, powatchula azakhali mwaulemu: "Ndiona, Tita."

Lachitatu, 12 Ogasiti

Nzeru zachokera kwa Nestor woimba limba. Maikolofoni ya mayiwo idzakhala yothimitsa. Ine ndidzaimba ndili pakhonde la kwaya, kumtunda kumbuyo kwa anthu, mawu nkumatulukira m'masipika a kuguwa. Iwo ntchito yawo kuyasamula basi. Avomera mosavuta, akuti ndi "kungondithandizirako pang'ono".

Bambo Crispin akuti Mulungu adzadziwa amene akuimba. Zoona, koma wosankha oimba ku Singapore si Mulungu.

Ndavomera. Ndikakana nyimbo yonse aichotsa, a Teo adzamva zija timaimba chaka ndi chaka. Wamkachisi amadya zamkachisi. Ndanyansidwa nawo onse, ndi ine ndemwe.

Lamulungu, 16 Ogasiti

Chibadwire sindinaimbepo ngati lero. Mwina ndi ukali. Mawu anakwera okha, osakankha, mpaka pamwamba paja ndimapaopa. Pansi ndimaona Mayi Amparo atavala nsalu ya ulusi wa chinanazi, dzanja pamtima, maso kumwamba, pakamwa pakuchedwa pang'ono ngati ng'ombe yobzikula. Amayi a m'mabenchi akulira. Anthu amene amamva mayiwa akukalipira antchito tsiku lililonse, lero akhulupirira kuti m'khosi lomwelo mumakhala mngelo!

Paphwando kunyumba kwawo a Teo anandipeza pafupi ndi nkhumba yootcha. Munthu waulemu, wolankhula motsitsa.

"Ndinu mwapeka nyimbo ija? Musakhumudwe, ine sindibisa mawu. Ndi nyimbo wamba, zotere ndimalandira zambiri. Koma mayi aja ayipulumutsa. Mawu otere ndakhala ndikuwasaka zaka. Mwachita mwayi kuwapeza."

Ndinali ndi khungu la nkhumba m'kamwa. Ndinangotafuna.

Lachiwiri, 18 Ogasiti

Foni m'mamawa, Mayi Amparo. A Teo awaitana kukaimba ku Singapore mu Novembala, ndipo poti mayiwo ati sadziwa nyimbo ina, yanga yawamba ija ipita nawo.

"Iwenso upita, Ning, usadandaule. Tikachita monga muja. Komatu ukudziwa? Lamulungu lija ndimamva mawu anga akutuluka ndithu. Iwe umangotsatira."

Mayiwa sakunama, akhulupiriradi.

Nambala ya a Teo ndili nayo. Ndikanena zoona, mawu aja abwerera kwa mwini wake. Koma mwini wakeyo ndi mayi amene ananamiza mlendo pa Misa, wopeka nyimbo wamba. Munthu wotere ndani angamuitane? Ndikaulula, ku Singapore sikupita aliyense, ndipo kuno ntchito yanga ya kwaya yatha.

Zaka zonsezi ndimadziyesa wopeka nyimbo amene amaimbanso. Zoti nyimbo yanga ndi yawamba zandiwawa kuposa bodzalo.

Lachinayi, 20 Ogasiti

A Teo sindinawaimbire foni. Nestor wayamba kale kufunsa za masipika a ku Singapore. Chitsiru.

Lachisanu, 21 Ogasiti

Galimoto ya Mayi Amparo inabwera kudzanditenga kuti tikajambulitse zithunzi za pasipoti. Iwo ndiwo anayamba kujambulidwa, akung'ung'udza nyimbo yanga mokhota, wojambula nkumawayamikira kuti anawamva Lamulungu. Kenaka ndinakhala ine pampando. Ndinapuma mpweya, ndinafunadi kunena kanthu.

"Mayi, tsekani pakamwa," anatero wojambula.

Ndinatseka.