Unasamba M'manja Ine Ndikudya

Maganga,
Salima.
14 Okutobala.

Mwana wanga Takondwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa apongozi anga amake Hope, ndi wa ana onse kumeneko ku Joni. Kuno tilipo. Mawondo okha ndi amene akundikana, ndipo dzuwa la mwezi uno lafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Mlongo wako Eveles ali bwino. Mbuzi ija ya mawanga yaswa ana awiri.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni ndimathamanga, ndipo mawu oyipa ndi amene amatsogola. Papepala ndikhoza kufufuta. Sukulu yanga ukuidziwa, ndinalekezera Sitandade 4, ndiye pamene ndalakwitsa uwerenge ndi mtima. Kalatayi ndapatsira Anwar, mwana wa mnzanga Haruna, amene akukwera basi yobwerera kumeneko Lachisanu.

Miyezi isanu yatha usanamve mawu anga. Ukaimba, Eveles amakuuza kuti ndapita kudimba kapena ndagona. Limakhala bodza. Ndimakhala ndili pakhonde pomwepo. Ndinakukwiyira, ndipo mkwiyo wina udakalipo mpaka lero. Ndikufuna udziwe kumene unachokera, ndipo ndikufuna udziwenso chimene ine ndinakuchita, chifukwa sindine woyera pa nkhaniyi.

Pamene unabwera mu Meyi kudzaona chiliza cha mayi ako, panali patatha zaka zinayi ndisanakuone. Unachoka kuno uli chimunthu chodzaza khomo, chimene chinathyola mpando wa pulasitiki kutchalitchi anthu n'kuseka sabata yathunthu. Amene anatsika m'galimoto tsiku lija anali theka la munthu ameneyo. Ndinakuzindikira ndi mayendedwe basi. Nditakufunsa, unati ukuchita masewera olimbitsa thupi. Ndinangoti chabwino, koma mtima sunakhale pansi.

Iwe sukudziwa mmene ndinkakhalira ndi abale a mayi ako. Atsibweni ako a Martin akhala akundiyang'ana ndi diso lofiira chimwalirire mlongo wawo, chifukwa anagwa kumunda tili awiriwiri, popanda wina woona. Sananenepo kanthu poyera. Koma mawu osanenedwa amamveka bwino kuposa onenedwa.

N'chifukwa chake tsiku la chiliza ndinafuna kuti iwe ndi ine tidye mbale imodzi, pabwalo, pamaso pawo. Ndinkafuna aone kuti mwana wa malemu alibe nane chifukwa. Haruna anandisungira kampango wamkulu. Mpunga ndinakautenga ndekha ku Chinguluwe pa njinga, ndi mawondo omwewa.

Unatapa katatu. Ndinawerenga. Unkatafuna pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopanda mano, kenaka unaitanitsa madzi n'kusamba m'manja, ine ndisanafike n'komwe pakati pa mbale. Takondwa, ndani anakulera? Ndi liti pamene mwana anasamba m'manja bambo ake akudya? Anakubweretsera thobwa, unakana. Anakutsegulira chakumwa cha m'botolo, unakankhira kwa wina. Ndinaona a Martin akuyang'anizana ndi mng'ono wawo.

Pamenepo magazi anandikwera kumutu. Ndinatenga mutu wa kampango n'kuuika mbali yako, ndipo ndinakufunsa mokweza kuti ukuopa chiyani m'mbale ya bambo ako. Unandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka unadya. Unadya mutuwo, unawonjezera mpunga, unamwanso thobwa lija chikho chonse. Ine ndinakondwa. Ndikunena zoona, ndinakondwa ngati ndapambana mlandu.

Zotsatira zake ukuzikumbuka kuposa ine. Thukuta linakutsika ngati wathiridwa ndowa, unadzuka utagwira pachifuwa, n'kukasanza kuseri kwa nkhokwe, pamene amayi ankatsukira mbale. Onse anaona. Unakagona m'galimoto mpaka anthu anabalalika, ndipo m'mawa mwake unanyamuka kukakwera ndege ku Lilongwe. Unangoti m'mimba simunali bwino. Iwe unapita. Ine ndinatsala.

Sabata isanathe nkhani inali itafika mpaka kugombe. Ankati mwana anadziwa kuti m'mbale muli mankhwala, n'chifukwa chake ankakana kudya, koma bambo ake anamukakamiza, ndipo chimene chinamupulumutsa n'kusanza. Ankati amene anayamba ndi mkazi sangalephere mwana. Azimayi anasiya kudzapala moto pakhomo pano. Ndikapereka mtedza kwa munthu, amalandira n'kukautaya pokhota njira. Pa maliro a kwa a Chisoni ndinakhala pa mbale ya amuna, ndipo mmodzimmodzi anakumbukira kuti ali ndi wina wokamupatsa moni. Ndinatsala ndekha ndi mbale ya anthu asanu.

Anabwera Haruna yekha. Anakhala pansi, anati bisimilahi, n'kuyamba kudya. Anauza amene ankayang'anawo kuti wadya za m'manja mwanga zaka makumi anayi ndipo chimene watengapo ndi chizolowezi choipa chothira tsabola wambiri. Anthu anaseka, koma palibe amene anabwerera pa mbale.

Ukudziwa chimene chimachitikira nkhalamba ikapatsidwa dzina lakuti mfiti. Sichiyamba ndi miyala. Chimayamba ndi mbale. Ndinachita mantha, mwana wanga, ndipo mantha anga anasanduka mkwiyo pa iwe. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwinadi unkandiopa, kuti a Martin anakunong'oneza kanthu usanafike.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa kalatayi.

Tsiku lina mu Juni ndinapita kugombe kumene amuna amasokera maukonde. Mmodzi anandiponyera mawu, akuseka, kuti kodi mwana uja anafika wamoyo. Ine ndinayankha kuti asiye kundinamizira, mwanayo ndi wodwala. Ndinati kodi sanaone mmene waondera? Ndinati ndinakuona ndi maso anga ukumeza mapiritsi m'mawa, ndipo munthu wanzeru adziwe yekha kuti ndi matenda anji. Dzina la matendawo sindinatchule, koma ndinawasiyira njira yolunjika kuti alitchule okha. Analitchula. Ine sindinatsutse.

Zinagwira ntchito. Anthu anayamba kundimvera chisoni. Moto anayambanso kudzapala. Ndinagula mtendere wanga ndi dzina lako, ndipo ndinkadziuza kuti uli kutali, sizikufika.

Zinafika. Abale a mkazi wako amene ali pa boma anamva, ndipo anamuimbira kumufunsa chifukwa chimene ankawabisira. Sabata yatha iye anaimbira Eveles akulira. Eveles anakweza mawu a foni n'kuiika pa mpando pafupi nane, osandifunsa. Ndinamva zonse. Usawakalipire apongozi angawo. Iwo ndi amene achita zimene ife amuna awiri tinalephera.

Apongozi anati zaka ziwiri zapitazo shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinakufikitsa pakhomo pa manda. Anati unkalephera kumanga zingwe za nsapato, ndipo ukagona mpweya unkaima iwo n'kumakugwedeza. Anati madokotala anakuchita opaleshoni n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu chako, kotsalako n'kongofanana ndi nthochi imodzi. Anati chakudya chako chonse chimakwana m'kapu ya tiyi. Uyenera kuyamba ndi ndiwo, kutafuna mpaka zisalale, ndipo madzi sungamwe pamodzi ndi chakudya, uyenera kudikira kaye. Zotsekemera zimakuchititsa chizungulire. Mapiritsi amene ndinaona aja ndi owonjezera mphamvu m'thupi, poti chakudya chochepacho sichikwanitsa. Anati ukapitirira muyeso ngakhale ndi kutapa kuwiri, chifuwa chimamanga ngati wameza mwala.

Eveles anafunsa funso limene linali pakamwa panga, loti kodi chifucho chimameranso. Anati chimatambasuka pang'ono pakapita zaka, koma sichibwerera mwakale. Ndi za moyo wako wonse.

Ndiye kuti pamene unandiyang'ana nthawi yaitali paja, unkadziwa chimene mutu wa kampango uja ukuchite. Unadya ndithu, kuti ndisachite manyazi pamaso pa alamu anga. Ine ndinakulipira ndi zimene ndinanena kugombe.

Masiku ano ndakhala ndikuganiza kwambiri za kukhuta. Ine ndinabadwa chaka chotsatira njala yaikulu, ndipo amayi anga ankati ndinayamwa bere louma. Iwe njala unaiona mu 2002, uli Fomu 2. Kodi ukukumbuka tikukumba nyika, mizu ija ya zomera za m'madzi, m'dambo, madzi ofika m'chiuno, misundu ikutimata? Ukukumbuka ukunyambita mbale mpaka mayi ako akukulanda? Ndinkanama kuti ndadya kwa Haruna kuti gawo langa likhale lako. Pamenepo ndinalumbira kuti mwana uyu adzakhuta. Pamene unanenepa ku Joni, zithunzi zako ndinkayenda nazo m'thumba la malaya. Sindinadziwe kuti chimene ndinkanyadira chinali kukupha.

Mawu okondera munthu ine ndilibe ambiri. Amene ndimadziwa ndi akuti wakhuta kodi, onjezera. Mayi ako ndinawakonda ndi mawu omwewo. Tsopano ndauzidwa kuti kwa iwe mawu amenewa ndi chipongwe, ndipo sindikudziwa kuti ndiziti chiyani m'malo mwake.

Ndinayesa ndekha kuti ndimve. Ndinauza Eveles kuti andiyezere mpunga ndi usipa m'kapu ya tiyi, ndidye zomwezo basi. Ndinapirira masiku awiri. Mimba siinandivute kwambiri, inazolowera kale. Chimene chinandivuta ndi kukhala pa mphasa manja ali osamba, ena akudya, osadziwa koyang'ana. Munthu umakhala ngati mlendo pa banja lako lomwe. Ndinaganiza za iwe pa maukwati, pa maliro, pa misonkhano ya kuntchito kwanu, aliyense akukufunsa chimene chalakwika ndi chakudya chake. Zaka ziwiri. Kodi maso nawo anawachepetsa? Sindikukhulupirira. Kampango unkamukonda kuyambira uli wakhanda.

Koma usaganize kuti ndakumasula kotheratu. Unauza mkazi wako. Unauza abwana ako kuti akupatse tchuthi. Unalola anthu achilendo kukutsegula pamimba uli mtulo. Ine bambo ako unandiuza za masewera. Ukanafera pa tebulo lija, ndikanamva kwa ndani? Ndipo tsiku la chiliza, mawu amodzi okha kuseri kwa nyumba akanakwana. Ndikanakutengera kambale kako, ndikanauza anthu kuti adokotala anakuletsa, nkhani ikanathera pomwepo. Apongozi akuti unkachita manyazi, unkaopa kuti kwanu adzati ndalama zamupengetsa, wakadula mimba pamene abale ake akugona ndi njala. Mwina ena akanatero. Mwina inenso ndikanatero tsiku loyamba. Koma tsiku lachiwiri ndikanakhala bambo ako. Unandiweruza usanandiyese, ndipo pamenepo mpamene pakundiwawa.

Tsono nachi chimene ndatsimikiza. Lamulungu loyamba la Novembala, akatha kulengeza zolengeza, ndidzaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti zimene ndinafalitsa za mwana wanga ndi mkazi wake zinali bodza langa. Ndauza kale akulu ampingo kuti andipatse mpata. Lolemba lake ndidzapita kugombe kukanena zomwezo, pamalo pamene ndinalavulira.

Ndikadzatero, funso lakale lija lidzadzuka. Adzati ngati sadwala, nanga anaonda ndi chiyani, ndipo anasanza chiyani m'mbale ya bambo ake? Yankho ndili nalo, koma si langa. Ndi thupi lako, ndi chinsinsi chako, ndipo ndinakuberapo kale kamodzi.

Ndiye ndikukupempha, ine amene sindinapemphepo mwana kanthu. Ndilole ndiwauze za opaleshoni. Ngati mawu anga sangawakhulupirire, lemba kapepala ndi dzanja lako kuti abusa akawerenge, ngakhale mizere itatu. Eveles akuti anthu adzaseka mwezi umodzi n'kuiwala. Haruna akuti adzaseka iye yekha mokwanira mudzi wonse, kuti ena asavutike.

Ukakana sindidzakukakamiza. Ndaona kale chimene chimachitika ndikakukakamiza. Ndidzaimirira ndithu, ndidzati ndinanamizira mwana wanga, zinazo sindinganene, kenaka ndidzakhala pansi. Chimene adzanditche pambuyo pake ndidzachisenza. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, ndipo sindikufuna kukakumana ndi mayi ako nditanyamula bodza limeneli. Koma ndisakunamize, ndikuopa.

Apongozi anga uwauze kuti ndagwada. Iwo sanadye nawo mbale ija, koma matope anawagwera. Hope ndi Gift uwapatse moni, uwauze kuti agogo awo akufuna kuona malipoti a kusukulu, osati zithunzi zokha. Eveles akupereka moni, ndipo akuti ndikuuze kuti iye watikwiyira tonse awiri mofanana.

Mulungu akusunge, akupatse mphamvu kuchokera m'zochepa zimene ukudyazo. Uzimwa mapiritsi ako.

Ndine bambo ako,
Samueli Kamphinda