Tadala ndi Chisipanishi chake

Lamlungu madzulo, ku Springburn, mumzinda wa Glasgow. Mvula tsiku lonse, mtima nawonso sunakhale pansi.

Nditabwera kutchalitchi, mwana wanga Tadala anaimba foni ya vidiyo kuchokera ku Peru, komwe akuthandiza mongodzipereka pasukulu ya mkaka. Wangokhalako miyezi itatu, koma Chisipanishi chikungotuluka chokha pakamwa. Mayi amene akumusunga, a Rosa, anabwera pafonipo, awiriwo n'kumacheza ndi kuseka, ine ndikungogwedeza mutu.

Ndinamufunsa kuti, "Waphunzira bwanji msanga chonchi?"

Anayankha m'Chingerezi chake cha kuno ku Glasgow kuti, "A Rosa sadziwa Chingerezi. Ndikafuna madzi osamba, ndimapempha m'chilankhulo chawo."

Zinandilasa mumtima. Chibadwire chake ndimamulankhula Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi, ine n'kumutsatira komweko. Wolakwa ndine.

Tisanadule ndinamuuza kuti, "Ukabwera, m'nyumba muno Chingerezi ine sindichidziwa."

Anaseka, kenaka anati, "Chabwino, amayi." Lilime linakhota, koma mawuwo anatuluka.

Sindidikira kuti abwere. Mawa ndisanakwere basi ya kuntchito ndimutumizira uthenga wa mawu, Chichewa chokhachokha, ayankhe asayankhe.