Makina Oziziritsa M'nyumba Yopanda Siling'i

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma kutentha kwa mwezi uno kukuwavuta amayi, magazi akumathamanga.

Wogulitsa makina oziziritsa m'nyumba amene munamupeza pa foni uja anabwera Lachiwiri, ndipo sindikumukhulupirira. Asanalowe n'komwe m'chipinda cha amayi, anati titenge aakulu, a mahatchi awiri. Amayi anamufunsa kuti, "Mahatchiwo azidya chiyani, mwana wanga?" Ndinawafotokozera kuti ndi kayezedwe chabe ka mphamvu ya makinawo.

Kenako ndinamulozera kudenga. Paja nyumbayi ilibe siling'i, ndipo pakati pa khoma ndi malata abambo anasiyapo mpata ngati chigafa cha fodya. Mpweya wozizira uzithawira pomwepo. Iye anangoti, "N'chifukwa chake ndikuti aakulu, achemwali."

Amayi anati, "Ndiye tiziziritse dera lonse la Kaomba lino?" Munthuyo sanaseke.

Chonde musamulole abweretse makinawo. Tikhome siling'i kaye, kenako tifunse wina amene ayambe wayang'ana nyumba asanatchule mahatchi. Amayi akuti kamwezi kodikirako apirira.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyanjane